Funsani Abusa: "Nanga Farao wanga bwanji sanamire?"

Moni nonse owerenga. Kuno ku Mzuzu kuzizira kwafika penipeni, mmawa nkhungu ikumagwira mpaka cha mma 8 koloko moti wochokera ku Katoto kupita mtauni akumangoona magetsi a galimoto osaona galimoto yake. Mwezi uno mauthenga abwera ambiri pa WhatsApp ndipo angapo akuzungulira nkhani imodzi, ulendo wa Aisraeli ndi ubatizo, nde ndangowaika pamodzi. Maina ndachotsa ngati mwa nthawi zonse.

FUNSO

Abusa moni. Ndine mnyamata wa zaka 27, ndimakhala ku Chibavi nde ndimapalasa njinga ya kabaza. Mowa ndinauyamba ndili Fomu 3, zinafika poti ndalama yonse ya tsiku imathera ku kachasu, mayi anga kumudzi analira mpaka kutopa. Chaka chatha ndinalowa kalasi mpaka ndinabatizidwa, tsiku limenelo ndinalira ngati mwana, thupi lonse ndimamva kupepuka. Miyezi iwiri yoyamba zinthu zimayenda bwinobwino, olo fungo la mowa limandinyansa. Kenako njinga anandibera pamsika, ndinakatenga katapila kuti ndigule ina, lendi ndatsalira miyezi itatu alandilodi akubwera mmawa uliwonse, nde mwezi wathawu ndinapezeka ndamwa, osati kamodzi koma katatu. Anzanga pa siteji akundiseka akuti madzi aja sanagwire. Munthu wina wopemphera wandiuza kuti ndikabatizidwenso kwa iwo kuti ziwanda zichokeretu. Kutchalitchi ndasiya kupita, manyazi. Chikundipweteka kwambiri ndi ichi abusa, tsiku la ubatizo wathu analalikira kuti ubatizo uli ngati mmene Aisraeli anaolokera Nyanja Yofiira, Farao ndi asilikali ake nkumira. Nanga Farao wanga bwanji sanamire? Kodi ndibatizidwenso?

Mnyamata wa ku Chibavi

YANKHO

Achimwene, uthenga wanu ndauwerenga katatu ndipo zikomo kuti simunabise kanthu. Amene analalikira tsiku lija sananame, ndipo si nzeru zawo ayi, ndi Paulo mwiniwake pa 1 Akorinto 10 amene akuti makolo aja onse anali pansi pa mtambo, onse anaoloka nyanja, onse anabatizidwa mwa Mose mumtambo ndi mnyanja. Akhristu akhala akuiwerenga choncho nkhaniyi kuyambira kalekale, Tertullian, mphunzitsi wakale wa mpingo wa ku Carthage kumpoto kwa Africa kuno, analemba zomwezi cha mma chaka cha 200, ndipo anzathu Achikatolika mpaka lero pa mapemphero a usiku wolowa Paskha, usiku umene amabatiza akuluakulu, mawu a Eksodo 14 sawadumpha olo mwambo atafupikitsa bwanji. Vuto lili ndi ife olalikira, timakonda kuimitsa nkhaniyi pagombe pamene Miriamu watenga lingaka amayi akuvina, chifukwa mpamene mpingo umaombera mmanja. Paulo sanaimitse pamenepo, ndipo inuyo mwafika pa gawo limene sitinakuuzeni.

Koma tiyambe kaye ndi zapanyanjapo chifukwa zimenezo sindikufuna wina akulandeni. Anthu aja anakhala ku Ejipito zaka 430, ndipo olo atatuluka usiku wa Paskha, Farao ankawaonabe ngati katundu wake amene wangothawa, nchifukwa chake anamanga magaleta 600 osankhika ndi ena onse nkuwalondola. Kutsogolo madzi, kumbuyo akavalo. Iwo anachitapo chiyani kuti apulumuke? Palibe. Mose anangowauza kuti imani, khalani chete, Yehova akumenyerani nkhondo, Aejipito mukuwaona lerowa simudzawaonanso. Mtambo umene unali kutsogolo unasuntha nkukaima kumbuyo pakati pa iwo ndi adani, mphepo ya kummawa inaomba usiku wonse, iwo nkuyenda pouma. Kutacha anaona mitembo ya asilikali pagombe. Kuchokera tsiku limenelo panalibenso kapitawo amene akanabwera ndi chikoti kudzati njerwa za lero zili kuti. Umwini wa Farao pa iwo unathera mmadzimo. Ubatizo ukunena zomwezo, nchifukwa chake palibe munthu amadzibatiza yekha, umachita kubatizidwa, ndipo pa Aroma 6 Paulo akuti tinaikidwa mmanda limodzi ndi Khristu kuti tisakhalenso akapolo a tchimo. Sizinadalire kulimba mtima kwanu tsiku lija, ndiye sizingafufutike ndi kufooka kwanu mwezi wathawu.

Tsopano werengani nane masiku. Anaimba nyimbo pa Eksodo 15, chaputala chomwecho chisanathe ayenda masiku atatu mchipululu cha Suri osapeza madzi, atawapeza pa Mara nkukhala owawa osamweka. Masiku atatu okha achimwene. Anapuma pang'ono pa Elimu pamene panali akasupe 12 ndi mitengo ya kanjedza 70, kenako pa tsiku la 15 la mwezi wachiwiri njala inawakwapula, anayamba kunena kuti bola tikanafera ku Ejipito pafupi ndi miphika ya nyama. Inu mwati miyezi iwiri yoyamba zinthu zimayenda kenako njinga nkubedwa, ine nditawerenga pamenepo ndinangoti uyu ali pa ulendo womwewo, olo nthawi yake ikufanana. Ambuye Yesu amene, atangotuluka mu Yordano, mawu atamveka kuti uyu ndi Mwana wanga wokondedwa, Mzimu yemweyo anawatsogolera kuchipululu masiku 40 ndi njala, ndipo woyesa uja anayambira pomwepo, ngati ulidi Mwana wa Mulungu. Anzanu a pa siteji akamati madzi sanagwire akubwereza funso lomwelo.

Nde Farao wanu anamira kapena ayi? Onetsetsani bwino, mchipululu monse muja zaka 40 Farao sanabwereko olo tsiku limodzi. Chimene chinawatsatira ndi Ejipito amene anali mkamwa mwawo ndi mmimba mwawo. Pa Numeri 11 akulira nkumatchula chimodzichimodzi, nsomba zimene tinkadya zaulere, nkhaka, mavwende, anyezi, adyo. Zaulere eti? Aiwala kuumba njerwa udzu akukasaka okha, aiwala ana awo aamuna akuponyedwa mu Nailo, chimene chatsala mmutu ndi fungo la anyezi basi. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Mowa umachita chimodzimodzi ndipo inu mukudziwa kuposa ine, umakukumbutsa kuseka ndi anzako ndi kuiwala ngongole kwa maola awiri, koma sukukumbutsa kudzuka mngalande ndi chisanu cha ku Mzuzu chino matumba ali mbee, kapena misozi ya mayi anu ija. Kulakalaka kumeneko ndi kwenikweni, thupi linazolowera zaka zoposa 10, koma kulakalaka si umwini. Kale munkamwa osamva kanthu, lero mwamwa katatu ndipo mtima ukukupwetekani mpaka kulemba kalata kwa munthu woti simukumudziwa. Kapolo wokhazikika salemba kalata yotere.

Za kubatizidwanso ndikuyankhani mosazungulira, ayi. Anthu aja anachimwa zoopsa, pa Sinai penipeni anasungunula ndolo nkupanga mwana wang'ombe wagolide, anthu pafupifupi 3,000 anafa, Mose anaswa miyala ya malamulo. Koma palibe pamene Mulungu anati bwererani kunyanja mukaolokenso kachiwiri kuti zigwire. Mose anawapembedzera, anasema miyala ina iwiri, pangano linakonzedwanso pamalo pomwe anagwerapo ndipo ulendo unapitirira kuchokera pamenepo. Njoka zitawaluma pa Numeri 21 mankhwala ake sanali nyanja, anali kukweza maso kuyang'ana njoka yamkuwa pamtengo, ndipo Yesu pa Yohane 3 akuti imeneyo ndi Iye pamtanda. Mukabatizidwanso lero, nanga mukadzagwanso mu Okutobala mudzapita kumadzi kachitatu? Mapeto ake mudzayamba kukhulupirira madzi ndi munthu wokumizaniyo mmalo mwa Khristu. Njoka yamkuwa yomwe ija patapita zaka anthu anayamba kuifukizira lubani mpaka mfumu Hezekiya anachita kuiphwanya.

Komabe ndingakhale wabodza ndikangokusisitani. Paulo analemba 1 Akorinto 10 ija ngati chenjezo kwa anthu a ku Korinto amene ankaganiza kuti poti tinabatizidwa ndipo timadya Mgonero ndiye tikhoza kukhala pa maphwando a mafano palibe chingatichitikire. Mawu oti onse akuwabwereza kasanu, kenako nkuti koma ambiri a iwo Mulungu sanakondwere nawo, anathera mchipululu. Mwa amuna 603,550 amene anawerengedwa pa Sinai, a zaka 20 kupita mtsogolo, amene analowa mu Kanani ndi Yoswa ndi Kalebe basi. Chinawatsekera khomo nchiyani? Anadandaula pa Mara Mulungu anawapirira, pa mana anawapirira, pa Refidimu anawapirira, olo pa mwana wang'ombe mtundu sunathe. Zinathera pa Kadesi, azondi 12 atabwerako, pamene anauzana kuti tisankhe mtsogoleri wina tibwerere ku Ejipito. Kugwa ndi kwina, kutembenuka nkumanga katundu kuti ndikubwerera ndi kwinanso. Kuchokera ku Horebu, phiri la Sinai lija, kufika ku Kadesi ndi ulendo wa masiku 11, koma ulendo wawo wonse unasanduka wa zaka 40. Nchifukwa chake chimene chikundiopsa mkalata yanu si mabotolo atatu aja kwenikweni, ndi mawu oti kutchalitchi ndasiya kupita. Mchipululu munthu wopatuka pa msasa yekhayekha sakhalitsa, pa Deuteronomo 25 akuti Aamaleki ankakantha otsalira mmbuyo, ofooka ndi otopa.

Izi ndikuzinena ndi chisoni changa. Zaka zapitazo ndinaphunzitsa kalasi bambo wina amene anasiya mowa ngati inu, atagwa anasowa masabata angapo ine nkumati ndimupatse mpata abwera yekha manyazi akatha. Sanabwere, ndipo pamene ndinkati ndikamuone anali atasamuka, mpaka lero sindidziwa ali kuti. Ndimayenera kupita sabata yoyamba yomweyo. Nde ngati mkulu wampingo wina wa ku Chibavi akuwerenga izi ndipo pali mnyamata wa kabaza amene wasowa pa benchi, musadikire.

Inuyo chitani izi sabata ino. Pitani kwa abusa anu kapena mkulu wampingo amene mumamukhulupirira muwauze mmene mwandiuzira ine, ngati mpingo wanu uli ndi njira yake ya kulapa ndi kubwezeretsa itsateni osaopa, mutu umodzi susenza denga. Paulo pa 1 Akorinto 10 vesi 13 akuti Mulungu pamodzi ndi yesero amaikanso populumukira, ndipo populumukira nthawi zambiri pamakhala pooneka ndi maso, kusintha siteji, kusintha njira yobwerera kunyumba kuti musadutse pamene amatcheza paja, ndalama ya tsiku kuisiya kwa munthu wokhulupirika kapena pa foni dzuwa lisanalowe. Komanso mowa wa zaka zambiri umagwira thupi ndi ubongo, kuno ku Mzuzu tili ndi mwayi a St John of God amathandiza anthu olimbana ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, kupita kumeneko si kuchepa chikhulupiriro. Madzi a pa Mara Mulungu anawachiritsa pomuonetsa Mose mtengo woti aponyemo. Za katapila ndi alandilodi musazibise kwa akulu ampingo, mwina angakuthandizeni kukambirana nawo kabwezedwe kake, chifukwa ngongole imeneyo ndi imene ikukukankhirani ku botolo.

FUNSO

Abusa, ine ndi mayi wa ana anayi, kwathu ndi ku Ntcheu koma tili ku Katoto zaka 15 tsopano chifukwa cha ntchito ya abambo akunyumba. Tonse mbanja mwathu tinabatizidwa tili makanda. Mwana wanga wamkazi woyamba wayamba kupemphera kwina ndipo akuti ubatizo wowaza madzi pamutu si ubatizo, akufuna akamizidwe, akuti Aisraeli analowa mnyanja sanawazidwe. Bambo ake akwiya akuti akatero asalowenso mnyumba muno. Pakhomo sitikudyera limodzi. Olondola ndani?

Mayi wa ku Katoto

YANKHO

Mayi, pepani ndi zimene zikuchitika pakhomopo. Choyamba nkhani ya Nyanja Yofiira siingathe kugamula mlandu wa kuchuluka kwa madzi, chifukwa Baibulo likunena mobwereza kuti Aisraeli anayenda pouma, madzi ali ngati khoma kumanja ndi kumanzere. Paulo pamene akuti anabatizidwa sakuyeza kunyowa kwawo, akunena kuti anadutsa pakati pa imfa nkutulukira tsidya lina ali anthu a mtsogoleri wina. Mwana wanu ngati akufuna mavesi a kumiza alipo ena abwino kuposa amenewa, Aroma 6 ija ikufanizira ubatizo ndi kuikidwa mmanda, Yohane ankabatiza ku Ainoni chifukwa kunali madzi ambiri, Filipo ndi mdindo wa ku Itiyopiya anatsikira mmadzi onse awiri. Abale athu a Baptist, a Seventh Day ndi mipingo yambiri ya chipentekoste aima pamenepo ndipo amati munthu ayambe wakhulupirira yekha.

Obatiza ana, monga a CCAP, Akatolika ndi a Anglican, nawonso sakungotsatira mwambo wopanda maziko. Farao ankafuna kuti apite amuna okhaokha koma Mose anali atanena kale kuti tipita ndi ana athu ndi okalamba athu, ndipo usiku umene uja makanda anaoloka ali kumbuyo kwa amayi awo osadziwa chimene chikuchitika, koma kutacha nawonso sanalinso akapolo a Farao. Petro pa Pentekoste anati lonjezo ndi lanu ndi la ana anu, ndipo pa Machitidwe 16 Lidiya anabatizidwa ndi a pabanja pake, woyang'anira ndende wa ku Filipi chimodzimodzi. Ine ndinabatizidwa ndili khanda ndipo ndimakhulupirira kuti ubatizo umenewo ndi wathunthu, sindinamvepo kuti ndikusowa wina, koma ndagwira ntchito ndi abusa omiza amene chikhristu chawo ndimachilemekeza kwambiri.

Mkangano wa ubatizo kumpoto kuno si wa lero. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875 ndipo munthu woyamba kumubatiza, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881, patatha zaka 6. Atasamukira ku Bandawe ndi ku Khondowe anapitiriza kusunga anthu mkalasi zaka ndithu asanawabatize, anthu ambiri nkumatopa kudikira. Nde mu 1908 Elliot Kamwana atabwera ndi chiphunzitso cha Watch Tower nkuyamba kubatiza mosachedwetsa, anthu oposa 9,000 a cha ku Nkhata Bay anabatizidwa mmiyezi yochepa mpaka boma la atsamunda linamuchotsa mdziko mu 1909. Mabanja anagawanika nthawi imeneyonso, ena akuti dikirani muphunzire, ena akuti madzi ndi awa chikutiletsa nchiyani.

Chimene ndikuona mwa mwana wanu ndi ichi, ndipo ndikupempha abambo akunyumba amve. Ana amene anaoloka nyanja ali kumsana aja ndi amene anadzalowa mu Kanani, koma patatha zaka 40 anafika pa Yordano mtsinje utasefukira ndipo panalibenso wowabereka, amayenera kuponda ndi mapazi awo. Ataoloka Yoswa anaimika miyala 12 pa Giligala ncholinga choti ana akadzafunsa kuti miyala iyi njachiyani, makolo adzafotokoze. Mwana wanu wafika pa msinkhu wofunsa, akufuna chikhulupiriro chikhale chake osati chongobadwira. Mmipingo yobatiza ana mpata umenewo ulipo, kalasi ndi kuvomereza pamaso pa mpingo, kapena Ulimbitso kwa Akatolika, koma nthawi zina timangowadutsitsa ana mwamwambo ali aang'ono osawafotokozera bwino, nde akakula amakafuna kwina. Khalani naye pansi mumuuze za tsiku limene munamunyamula kupita naye kutsogolo, munalonjeza chiyani, munkapemphera chiyani. Mumupemphe aonane ndi abusa anu asanapange chiganizo. Akaumirirabe ndipo ndi wamkulu, musamuthamangitse, mwana amene akukangana nanu za Baibulo si wotayika, makolo ambiri mu Mzuzu muno akulira ndi ana amene sakudziwa kumene agona. Koma nayenso ndikumuuza kudzera mwa inu, asanene kuti mayi ake ndi agogo ake ndi osabatizidwa, mawu amenewo ndi olemera kuposa mmene akuganizira.

FUNSO

Abusa ndine mtsikana, ndikuphunzira ku yunivesite ku Luwinga. Ndikapita ku msonkhano wa chitsitsimutso kapena mapemphero a usiku wonse ndimabwerako ndili pamoto, koma pakatha sabata ziwiri ndimauma gwaa, Baibulo osatsegula. Vuto langa nchiyani? Komanso pa 1 Akorinto 10 akuti thanthwe linkawatsatira, thanthwe lingayende bwanji?

Wophunzira wa ku Luwinga

YANKHO

Mwana wanga, ndiyambe ndi thanthwe. Mmabuku a Mose madzi akutuluka mthanthwe kawiri, koyamba pa Refidimu ulendo utangoyamba, pa Eksodo 17, kachiwiri pa Kadesi pa Numeri 20 pamene Mose anauzidwa kuti alankhule nalo koma iye analimenya kawiri ndi ndodo, chimene chinamulepheretsa kulowa mu Kanani. Aphunzitsi a Chiyuda poona madzi koyambirira ndi madzi kumapeto ankaphunzitsa kuti chitsimecho chinkayenda nawo. Paulo akutenga zimene anthu ankazidziwa kale nkunena chachikulu, kuti amene ankawamwetsa njira yonse anali Khristu. Nchifukwa chake pa Yohane 7 Yesu akuimirira pa chikondwerero cha Misasa, chikondwerero chokumbukira ulendo womwewu, nkufuula kuti wakumva ludzu abwere kwa Ine amwe.

Funso lanu loyamba yankho lake lili pa mana. Misonkhano ija si yoipa, inenso ndimapitako, ili ngati Elimu pa akasupe 12 paja, koma Aisraeli pa Elimu sanamangepo mudzi. Chimene chinawasunga zaka 40 ndi kanthu kakang'ono koyera ngati njere kamene kankagwa ndi mame mmawa uliwonse, moti atakaona koyamba anafunsana kuti ichi nchiyani, dzina loti mana nkuchokera pomwepo. Munthu aliyense ankatola muyeso umodzi wa omeri, pafupifupi malita 2, wa tsiku limenelo basi. Ena anayesa kusunga kuti mawa asavutike kudzuka, kutacha anapeza mphutsi ndi fungo, kupatula tsiku lachisanu ndi chimodzi pamene ankatola wa masiku awiri chifukwa cha Sabata. Ukachedwa dzuwa likatentha ankasungunuka. Ndipo chimene anthu ambiri sachiona, mana sankagwera mkamwa, Numeri 11 akuti ankapera pamphero kapena kusinja mumtondo, kuphika mmiphika nkupanga timikate. Inali ntchito ya mmawa uliwonse ngati mmene amayi athu amachitira ndi mgaiwa, ndipo inafika powatopetsa mpaka anati chakudya chachabechabe ichi chatikola.

Nde inu simuli ndi vuto lachilendo, mukungoyesa kudya mana a msonkhano wa mwezi watha. Yesu pa Yohane 6 akuti mkate weniweni wotsika kumwamba ndi Iye, ndipo pemphero limene anatiphunzitsa likupempha chakudya chalero, osati cha semesita yonse. Ndikudziwa mmawa wa mwezi uno kutuluka mbulangete ndi nkhondo, komanso foni imakhala pafupi kuposa Baibulo, koma yambani ndi zochepa zoti mungakwanitse olo nthawi ya mayeso, mphindi 10, ndime imodzi, Uthenga wa Marko kuyambira poyamba kapena Salmo limodzi, musanatsegule WhatsApp. Masiku ena simudzamva kalikonse ndipo musadabwe, nsima ya Lachiwiri lapitalo simukuikumbukira koma inakugwirani thupi. Pezani mnzanu mmodzi ku hositelo woti muzifunsana kuti lero watola chiyani. Mgonero wa Ambuye ukakhalapo kumpingo kwanu musauphonye, Paulo pa 1 Akorinto 10 pomwepo akuchoka pa mana ndi thanthwe nkufika pa mkate umene timanyema ndi chikho chimene timadalitsa. Pa Deuteronomo 8 Mose akuwakumbutsa kuti zaka zonse zija zovala zawo sizinathe ndipo mapazi awo sanatupe, zinthu zoti tsiku ndi tsiku sankaziona, anadzazindikira atayang'ana mmbuyo.

Bambo wa ku Chiputula amene munafunsa chifukwa chake Paulo akuti anafa 23,000 pamene Numeri 25 akuti 24,000, funso lanu ndalisunga, ndidzaliyankha mwezi wamawa limodzi ndi la mayi wa ku Zolozolo lokhudza chifukwa chimene Mose anangoonera dzikolo patali ali pa phiri la Nebo. Achimwene a ku Chibavi, Lamulungu likubwerali pitani olo mukakhale benchi yakumbuyo, ndipo mundilemberenso mundiuze ngati mwaonana ndi akulu ampingo komanso mmene nkhani ya lendi yathera.